Kodi Britain ndi America angaphatikizane n'kukhala dziko limodzi? Zomwe ndapeza

Funsoli linachokera kwa aphunzitsi ena a histole amene akukonzekeretsa ana awo ku mpikisano wa dibeti, ndipo analilemba mosazungulira: "Achimwene, inuyo paja mumagwira zamalamulo, tatiuzani, Britain ndi America angathe kukhala dziko limodzi? Si onse amayankhula Chingerezi, nkhondo amamenyera limodzi, chikuwaletsa n'chani?" Ine ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yolembera anthu maganizo pa nkhani za malamulo oyendetsera dziko, nde ndalitenga ngati fayilo ina iliyonse, kuyamba ndi zomwe zinachitikapo kale, kenako zomwe malamulo a mbali zonse ziwiri akunena, kenako chigamulo changa.

Ndinenerethu yankho kuti amene ali ndi changu asavutike. Malamulo sakuletsa. Khomo lilipo ndipo silolimba monga anthu amaganizira. Koma limatsegukira mbali imodzi yokha, ndiye kuti Britain kulowa mu America, ndipo zinthu zimene Britain angakakamizike kusiya panja ndi zomwezo zimene zimampangitsa kukhala Britain. Za anthu awiri ofanana kumanga nyumba yatsopano, pa fayiloyi palibe.

Zomwe zinachitikapo kale

Poyambira pake aliyense akudziwa. Madera 13 a atsamunda analengeza ufulu wawo pa 4 July 1776, anamenyana mpaka asilikali a Britain atagonja ku Yorktown mu 1781, ndipo pangano la ku Paris la 1783 linatseka nkhaniyo. Chimene ambiri amaiwala n'choti anabwereza kumenyana mu 1812, ndipo mu August 1814 asilikali a Britain analowa mu Washington n'kuyatsa nyumba ya pulezidenti komanso nyumba ya malamulo. Choncho chibale timanenachi sichinayambe ndi kukumbatirana. Ngakhale mu 1895 anatsala pang'ono kukokanakokana chifukwa cha malire a Venezuela ndi British Guiana.

Chodabwitsa n'choti nthawi yomweyo ya m'ma 1890 ndi imene maloto ophatikizana anafika pachimake, ndipo oloterawo sanali anthu wamba. Woyamba timamudziwa bwino kuno, Cecil Rhodes, yemwe uja kampani yake inkathandiza ndi ndalama boma la Harry Johnston ku Zomba. Mu wilo yake ya 1877, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, analemba kuti chuma chake chigwiritsidwe ntchito kufutukula ulamuliro wa Britain padziko lonse, kuphatikizapo kubweza America mu ufumuwo. Atakula anafewako, mpaka anauza mnzake mtolankhani W. T. Stead kuti palamenti ya dziko latsopanolo ikhoza kumakumana zaka zisanu ku Washington, zaka zisanu ku London. Atamwalira mu 1902 chimene chinatsala pa malotowo ndi ma sikolashipu a ku Oxford aja, omwe gawo lalikulu linapita kwa achinyamata a ku America, ndipo mpaka lero Amalawi nawonso amapikisana nawo.

Wachiwiri Andrew Carnegie, wobadwira ku Dunfermline ku Scotland koma chuma chake anachipangira m'mafakitale a zitsulo ku Pittsburgh. Mu 1893 analemba kuti mayiko awiriwa adzabwererana ndithu, ndipo panyumba yake ya Skibo ku Scotland ankakweza mbendera yosokerera, mbali ina ya Britain mbali ina ya America. Koma tamvani, bambo ameneyu ufumu sankaufuna, m'maganizo ake kubwereranako kunkafuna kuti Britain ayambe wasiya za mafumu. Stead nayenso pofika 1901 anali atavomereza kuti wamkulu pa ubalewu adzakhala America. Ndiye ngakhale okonda nkhaniyi kwambiri anali ataona kale kuti wina adzameza mnzake, ankangosiyana pa funso loti wameza ndani.

Pamene akuluakuluwa ankalota, andale enieni anayesa kanthu kakang'ono kwambiri, pangano loti mayiko awiriwa akasemphana azipita kwa oweruza m'malo motulutsa mfuti. Linasainidwa mu 1897, Richard Olney mbali ya America, Julian Pauncefote mbali ya Britain. Seneti ya America inalikana, silinapeze magawo awiri mwa atatu a mavoti. Umboni umenewu ine ndimauwerengera kwambiri kuposa zolemba zonse za Rhodes ndi Carnegie, chifukwa ngati anakana pangano longoti tisamenyane, la kuti tikhale dziko limodzi likanadutsira pati?

Kuyesa kwachiwiri kunabwera m'nthawi ya nkhondo ya Hitler. Clarence Streit, mtolankhani wa New York Times amene ankalemba za League of Nations (bungwe la mayiko limene linalipo United Nations isanabwere) ku Geneva, yemwenso anaphunzira ku Oxford ndi ndalama za Rhodes zomwe zija, anatulutsa buku lotchedwa Union Now mu 1939. Iye ankafuna chitaganya cha mayiko 15 a demokalase, unzika umodzi, ndalama imodzi, asilikali amodzi, msika umodzi. Mayiko a ku Ulaya atagwa m'manja mwa Germany anachepetsa pulani n'kutulutsa Union Now with Britain mu 1941. Mabukuwa anagulidwa, timagulu tinapangidwa, misonkhano inachitika, koma palibe boma linalitenga n'kuliika patebulo. Ndipo muone vuto limene analizemba: pa nthawiyo Britain anali ndi India, Nigeria, Nyasaland ndi ena onse, nde ngati mavoti akuwerengedwa potengera mitu ya anthu, a ku India akanaposa onse kuphatikiza. Njira yake inali yongowasiya kunja kwa voti, basi.

Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi amene amatchulidwa kwambiri. Mayi ake Jennie Jerome anabadwira ku Brooklyn, ndiye iye ankadziona ngati mlatho. Ku Harvard mu September 1943 ananena kuti chiyankhulo chimodzichi mwina tsiku lina chidzakhala maziko a unzika umodzi, ndipo ku Fulton, Missouri, mu March 1946 anabwerezanso. Koma werengani bwino, ankanena za unzika, kuti munthu wa ku Leeds azikhala ku Chicago mosavuta, sankanena za kuthetsa palamenti ya ku Westminster. Dziko lokhalo limene boma la Churchill linapemphadi mwalamulo kuti aphatikizane nalo ndi France, pa 16 June 1940, France ili pafupi kugwa. Charles de Gaulle anawerengera nduna yaikulu Paul Reynaud pafoni, nduna za France zinakana tsiku lomwelo, Reynaud anatula pansi udindo. Apa pali chinthu chimene ndachiona pa fayilo yonseyi: maganizo ophatikizana amatuluka nyumba ikamapsa, moto ukazima aliyense amaiwala. Churchill mwiniwake anathera pa unzika waulemu umene America inampatsa mu 1963, munthu mmodzi, osati dziko.

Njira zomwe zilipo m'malamulo

Ya America kubwerera pansi pa mfumu tisatayepo nthawi.

Yachiwiri ndi ya Streit, kupanga boma latsopano pamwamba pa mayiko awiriwa. Ku Britain izi n'zotheka pa pepala chifukwa alibe konsitichushoni yolembedwa m'buku limodzi, palamenti ndi imene ili ndi mphamvu zonse, ndipo dzikolo linapangidwa chonchi kumene, England ndi Scotland mu 1707, Ireland mu 1801, zonse ndi malamulo a palamenti. Ku America ndiye pali phiri. Kuika boma lina pamwamba pa Congress (palamenti ya America) ndi khothi lalikulu kukufunika kusintha konsitichushoni, zomwe zimafuna magawo awiri mwa atatu m'nyumba zonse ziwiri, kenako masteti 38 mwa 50 avomereze. Komaliza kusintha munali mu 1992 ndipo inali nkhani yosavuta ya malipiro a aphungu. Anthu amene anakana kulowa League of Nations yomwe pulezidenti wawo yemwe Woodrow Wilson anaiyambitsa, lero avomere kuti munthu wa ku Manchester akhale ndi voti pa za asilikali awo? Njira imeneyi ndaitseka.

Yatsala imodzi, ndipo ndi yosavuta modabwitsa. Gawo 4 la konsitichushoni ya America limati Congress ikhoza kulandira masteti atsopano. Sipafunika kusintha kalikonse, ndi lamulo wamba, ngakhale ku seneti pamafunika mavoti 60 kuti nkhani isaumitsidwe ndi otsutsa. Zinachitikapo ndi dziko loima palokha: Texas inali ripabuliki kuyambira 1836 ndipo inalowa mu 1845. Hawaii inali ndi mafumu ake, mfumukazi Liliuokalani anachotsedwa mu 1893, zilumbazo zinatengedwa mu 1898, n'kukhala steti mu 1959. Mbendera ya Hawaii mpaka lero ili ndi ya Britain pakona, kaya ana a dibetiwo angasangalale nazo zimenezo. Koma mfundo yake ndi yoti ufumu umodzi wokha umene unalowapo, mpando wachifumu unatsala panja.

Katundu wotsala pakhomo

Apa ndi pamene ndakhalitsa, chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi amathamangira za mpira, za tiyi, za kuyendetsa galimoto kumanzere, pomwe zimenezo si vuto olo pang'ono. Ku US Virgin Islands amayendetsa kumanzere ndipo ndi dera la America. Louisiana ili ndi malamulo ake ochokera ku France ndi Spain. Masteti ali ndi ufulu wambiri ndithu. Vuto lili pa zinthu zochepa zimene konsitichushoni imakaniratu.

Mfumu. Gawo 4 lomwelo limati boma la America lidzaonetsetsa kuti steti iliyonse ili ndi ulamuliro wa ripabuliki, ndipo gawo 1 limaletsa steti kupereka maudindo a ufumu kapena ubwana wobadwa nawo. Choncho Charles III sangakhale mfumu ya steti. Wina akhoza kunena kuti si amangodula maliboni, achoke basi, koma ku Britain boma lonse linamangidwa pa dzina la korona. Phungu asanakhale pampando amalumbira kukhala wokhulupirika kwa mfumu, n'chifukwa chake a Sinn Féin, chipani chofuna kuti Northern Ireland ichoke mu Britain, amawina masankho koma sapita kukakhala m'nyumbamo. Woweruza amalumbira kwa mfumu, msilikali wa pamtunda chimodzimodzi, milandu yaupandu imazengedwa m'dzina la mfumu, ndalama ili ndi nkhope yake, pasipoti imaperekedwa m'dzina lake. Tsopano yang'anani mbali inayo: munthu akamalandira unzika wa America amaimika dzanja n'kulumbira kuti wataya kukhulupirika kwa mfumu kapena dziko lililonse lachilendo. Malumbiro awiriwa sangakhale m'kamwa limodzi. Komanso mfumuyo si ya Britain yekha, ndi mfumu ya mayiko ena 14 monga Canada, Australia ndi Jamaica, nde tikanakhala ndi zoseketsa zoti mfumu ya Canada ikukhala mu steti ya America ngati nzika wamba yolipira msonkho. Za Commonwealth, momwe Malawi ndi Zambia tili mamembala, bungwelo likhoza kupitirira popanda Britain koma likulu lake lili ku London, m'dziko loti silikanakhalanso membala.

Mpingo. Ku England mpingo wa Anglican ndi wa boma, mfumu ndi mkulu wake, ndipo mabishopu 26 ali ndi mipando mu House of Lords, nyumba yachiwiri ya palamenti, amavota nawo malamulo. Konsitichushoni ya America imaletsa boma kukhala ndi mpingo wake, ndipo kuyambira 1947 khothi lalikulu linati chiletsocho chikukhudzanso masteti. Mabishopuwo atuluke. Chosekesa n'choti anthu opemphera kwambiri ndi a ku America, a ku England matchalitchi ambiri ali pululu Lamulungu, koma amene ali ndi mpingo wa boma ndi omwewo osapempherawo.

Mfuti. Iyi ndimaiona kuti ndi imene ingagwetse referendamu payokha. Mu March 1996 munthu analowa pa sukulu ya pulayimale ku Dunblane ku Scotland n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo, ndipo pofika 1997 palamenti inali italetsa pafupifupi mfuti zonse zazing'ono za m'manja ku England, Scotland ndi Wales. Apolisi ambiri kumeneko amayenda opanda mfuti. Ku America kukhala ndi mfuti ndi ufulu wolembedwa mu konsitichushoni, ndipo mu 2010, pa mlandu wa McDonald ndi mzinda wa Chicago, khothi lalikulu linagamula kuti masteti ndi mizinda sangauphwanye. Kutanthauza kuti tsiku lotsatira Britain atalowa, loya wina akakasuma, ndipo lamulo la pambuyo pa Dunblane lija likakhala pa mpeni, oweruza 9 a ku Washington ndi amene akagamule. Pitani mukawauze makolo a ku Scotland zimenezo.

Kenako pali mndandanda wa gawo 1 ndime 10, zimene steti singachite: kusaina mapangano ndi mayiko ena, kupanga ndalama yake, kusunga asilikali kapena sitima zankhondo popanda chilolezo cha Congress. Paundi yatha, Bank of England yasanduka nthambi, asilikali a pamadzi a Royal Navy alowa pansi pa Pentagon, likulu la asilikali a America, ma embase atsekedwa, ndipo mpando wokhazikika wa Britain ku Security Council ya United Nations wapita. Apa ngakhale America yemwe akuluza, chifukwa panopa ali ndi mipando iwiri yogwirizana nthawi zambiri, nde aphatikize kuti itsale umodzi chifukwa chani?

Za NHS, bungwe la zipatala za boma ku Britain, ndasiyana maganizo ndi ambiri. Anthu amati zipatala zaulere zimene zinayamba mu 1948 zikanatha, koma m'malamulo palibe choletsa steti kuyendetsa zipatala zake ndi misonkho yake. Vuto ndi thumba. Msonkho waukulu ukanayamba kupita ku Washington, ndipo steti silingasindikize ndalama kapena kukongola momasuka monga limachitira dziko. Ikhoza kupulumuka koma yowonda. Chilango cha imfa chimodzimodzi, Britain anasiya kunyonga opha anzawo mu 1965, masteti ambiri a America nawonso anasiya, koma milandu ya boma lalikulu imatha kubweretsa chilangocho mu steti iliyonse olo yomwe inathetsa.

Pansi pa zonsezi pali chinthu chimodzi chomwe aloya a ku Britain amakulira nacho, choti palamenti ndi yapamwamba, palibe khothi lingafute lamulo lake. Ku America khothi limafuta malamulo a Congress ndi a masteti, ndipo gawo 6 limati lamulo la boma lalikulu ndi lomwe lili pamwamba. Westminster ikanakhala ngati nyumba ya malamulo ya steti ya California kapena Texas. Mwachidule Britain akulowa chikamwini, ndipo mkamwini sapita ndi ufumu wa kwawo kumudzi kwa mkazi, amakamvera eni mudzi.

Ndipo akalowa satulukanso. Mu 2016 anthu 52 pa 100 alionse ovota anasankha kuchoka mu European Union, n'kuchokadi pa 31 January 2020, dandaulo lawo lalikulu linali loti malamulo ena akupangidwa ku Brussels. European Union ija inali ndi khomo lotulukira lolembedwa m'pangano, inawalola kusunga paundi, mfumu, asilikali, mpando wa ku UN. America ilibe khomo lotero. Masteti a kummwera atayesa mu 1861 panafa anthu oposa 600,000, ndipo mu 1869 pa mlandu wa Texas ndi White khothi lalikulu linati steti singachoke mwa yokha. Anthu amene anakana chingwe chomasuka chija akalandire unyolo wopanda kiyi? Aaa, ayi.

Masamu a mavoti

Tiyerekeze kuti a ku Britain avomera zonsezi. Nanga a ku America angawalandire? Apa nkhani ndi masamu basi. America ili ndi anthu pafupifupi 340 miliyoni, Britain pafupifupi 68 miliyoni, pomwe steti yaikulu kwambiri panopa, California, ili ndi 39 miliyoni ndi mipando 52 mu House of Representatives. Mipando yonse ndi 435 ndipo chiwerengerocho chinamangidwa ndi lamulo la 1929. Mukagawa potengera anthu, Britain akutenga mipando yoposa pang'ono 70, ndipo iliyonse ya imeneyo ikuchotsedwa kwa steti ina. Ndiye kuti aphungu akufunsidwa kuvotera lamulo loti mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse ataye ntchito. Mukhoza kuwonjezera mipando, inde, komabe mphamvu ya aliyense yachepa.

Ku seneti zikupweteka mbali inayo. Steti iliyonse ili ndi masenita awiri, kaya ndi yaikulu bwanji, nde Britain yense ndi 68 miliyoni yake akanakhala ndi awiri, chimodzimodzi Wyoming yomwe anthu ake sakwana 600,000. Akalowa ngati masteti anayi, England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, ndi masenita 8, ndipo England yokha ndi anthu ake 57 miliyoni ikuposabe California. Pa chisankho cha pulezidenti, pomwe steti iliyonse imakhala ndi mavoti olingana ndi aphungu ndi masenita ake, mavoti oposa 70 amenewo akanamagamula chisankho chilichonse. Tsopano andale a ku Britain, olo a Conservative amene, pa za zipatala ndi mfuti ali kumanzere kwa andale ambiri a ku America, ndiye a chipani cha Republican akudziwa kale kuti mavotiwo angapite kwa opikisana nawo. Washington DC ili m'kati mwenimweni mwa dzikolo, anthu ake ndi pafupifupi 700,000, lamulo loipanga steti linadutsa ku House mu 2020 ndi 2021 koma linakafera ku seneti chifukwa cha masenita awiri okha amene akanawonjezereka. Puerto Rico yavotapo kangapo, ikudikirabe. Ngati awiri akuvuta chonchi, 8 bwanji?

Palinso Ireland. Pangano la Good Friday la 1998, lomwe zokambirana zake anatsogolera senita wakale wa ku America George Mitchell, limati anthu a ku Northern Ireland akhoza kuvota n'kuphatikizana ndi dziko la Ireland akafuna. Zimenezi sizikugwirizana ndi lamulo loti steti sichoka. Ndipo malire a America akanadutsa pakati pa chilumba cha Ireland, malire omwe anthu anavutikira zaka zambiri kuti asamaoneke. Scotland nayo mu 2014 anthu 45 pa 100 alionse anavota kuchoka mu Britain yemweyo. Ine ndikuona kuti referendamu yolowa America isanachitike, United Kingdom ikanayamba yaphwasuka yokha, wopita ku Washington akanakhala England ndi Wales mwina. Kwathu kuno tikudziwa zimene zimachitika chitaganya chikamangidwa mbali imodzi isakufuna, cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba 1953, pofika 1963 chinali chitatha.

Mbali yovomereza ili ndi chani

Sindingawanamize ana a mbali yovomerezayo kuti alibe kanthu. Pa zachitetezo mayiko awiriwa analukana kale moti kuwamasula n'kovuta. Pangano la UKUSA la 1946 linalumikiza akazitape awo omvetsera mauthenga, ndipo ndi lomwe linakula kukhala Five Eyes pamodzi ndi Canada, Australia ndi New Zealand. NATO inabwera mu 1949. Pangano la 1958 linawalola kugawana zinsinsi za zida za nyukiliya. Mizinga ya Trident imene ili m'sitima zapansi pa madzi za Britain imatengedwa ku Kings Bay, Georgia, m'nkhokwe imodzi ndi ya America, ndege zankhondo za America zimakhala ku Lakenheath ndi Mildenhall ku England, ndipo mu 2021 anawonjezera AUKUS, pangano la chitetezo pamodzi ndi Australia. Pa bizinesi aliyense ndi mmodzi mwa oika ndalama ambiri m'dziko la mnzake. Malamulo awo ali ndi muzu umodzi, loya wa ku London akhoza kuwerenga chigamulo cha ku New York osasochera.

Koma umboni umenewu ukugwira mbali yotsutsa. Ngati America ali kale ndi mabwalo a ndege, akazitape, mnzake wodalirika ku UN, zonse osalipira penshoni ya munthu ndi mmodzi yemwe wa ku Britain komanso osataya mpando ku Congress, kuphatikizana kukumuwonjezera chani? Ndipo Britain ali ndi chitetezo cha America koma adakali ndi ufulu wokana, ndipo anaugwiritsapo ntchito. Pulezidenti Lyndon Johnson anapempha asilikali oti akamenye nkhondo ku Vietnam, nduna yaikulu Harold Wilson anakana. Steti sikana nkhondo.

Komanso chibalecho chikafika pa ndalama chimazizira. Nkhondo itangotha mu 1945 America anadula mwadzidzidzi thandizo la zida ndi katundu lotchedwa Lend-Lease, Britain anachita kukongola madola 3.75 biliyoni mu 1946, ndipo anamaliza kubweza mu December 2006. Chaka chomwecho cha 1946 Congress inapanga lamulo lomana Britain zinsinsi za bomba la atomu lomwe asayansi ake anathandiza nawo kupanga, mpaka Britain anadzipangira lake n'kuliyesa mu 1952. Pa Suez mu 1956, Britain, France ndi Israel ataukira Egypt, pulezidenti wa America Dwight Eisenhower sanafune kutumiza msilikali, anangotseka mpopi wa ndalama paundi ikugwa, Britain anabwerera, nduna yaikulu Anthony Eden n'kutula pansi udindo mu January 1957. Mu 1983 pulezidenti Ronald Reagan anatumiza asilikali ku Grenada, dziko lomwe mfumukazi yake inali Elizabeth II, Margaret Thatcher atamuuza kuti asatero. Ndipo pambuyo pa Brexit, kuchoka kwa Britain mu European Union kuja, aja amene ankalonjeza pangano lalikulu la malonda ndi America anakakodwa pa nkhuku, za ku America zimatha kutsukidwa ndi madzi a klorini zikaphedwa, ogula a ku Britain akuti sitidya zimenezo. Anthu akulephera kumvana pa nkhuku ya mu shopu, eti amvane pa konsitichushoni.

Mfundo ya chiyankhulo ndi magazi amodzi ndiyo yofooka kuposa zonse. America ya lero si ya zidzukulu za Angerezi, muli oposa 30 miliyoni amene amati makolo awo ndi a ku Ireland, ambiri a ku Germany, a ku Mexico, a ku Asia, zidzukulu za akapolo a ku Africa, ndipo kwa ambiri a iwowa London si kumudzi. Britain nayenso nduna yaikulu yake mu 2022 inali Rishi Sunak, wa makolo achimwenye amene anadzera ku East Africa. Maloto a Rhodes anali a mtundu wa azungu oyankhula Chingerezi kulamula ena onse, ndipo anthu amene akanavota lero si amenewo. Canada ili pafupi, malire amodzi, Chingerezi chomwecho, ndipo nkhani ya kukhala steti ya 51 itatchulidwa ndi Donald Trump mu 2025 anthu a kumeneko anakwiya osati masewera.

Chigamulo

Pa funso loti n'zotheka mwalamulo, ndati inde, kudzera pa lamulo la palamenti ku London ndi lamulo la Congress lolandira steti, monga zinakhalira ndi Texas. Pa funso loti kungakhale kuphatikizana kwa ofanana, ndati ayi, chifukwa kukufuna masteti 38 ndipo palibe chisonyezo choti olo limodzi likufuna. Pa funso loti zingachitike m'nthawi yathu ino, ndati ayi, palibe chipani chachikulu mbali zonse ziwiri chimene chinaziikapo m'manifesito.

Kwa ana a mbali yovomereza ndalangiza kuti asateteze dziko limodzi, adzagwa pa funso loyamba la mfumu ndi mfuti. Atanthauzire mutuwo mmene ankanenera Churchill, unzika wogawana, kuti munthu azitha kukhala, kugwira ntchito ndi kuvota mbali zonse, chifukwa chitsanzo chamoyo chilipo: nzika za Ireland zimakhala ndi kuvota ku Britain popanda visa, ndipo za Britain chimodzimodzi ku Ireland pa masankho a aphungu, mayiko ali awiri. Koma akonzekere funso la msonkho, pakuti America imadula msonkho nzika zake kulikonse zikukhala, ndipo Boris Johnson, nduna yaikulu yakale ya Britain yemwe anabadwira ku New York mu 1964, atagulitsa nyumba yake ku London anapezeka akufunidwa msonkho ndi boma la America, analipira monyinyirika, kenako unzikawo anaubweza.